Ndinachulutsa Njerwa mu Wilibala

Mukadzandipeza pakhonde panga ku Kawale nditakhalira thako limodzi ngati nkhuku yoothera dzuwa, musadzandifunse. Ndikuuzani pano kamodzi kuti nkhani ithe. Chiuno ichi sichinathyokere pantchito, ayi. Ndakwera makwerero zaka makumi anayi osagwapo ndi tsiku limodzi lomwe. Chinathyoka Loweruka m'mawa, kuseri kwa tchalitchi, m'ngalande, anthu a Mulungu akuonerera. Ndipo pa zinthu zimene ndinathyola tsiku limenelo, chiuno ndiye chaching'ono.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ndinachoka kwathu ku Chiradzulu ndili mnyamata, nthawi imene mzinda uno unkamangidwa kumene, ku Area 25 anthu akukumbako mbewa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 (cholembera ichi ndachigwira ngati mpeni womangira, ndiye mizere ikakhota mundikhululukire), koma khoma langa silinafunepo levulo kawiri. Mpaka lero anthu amanditchula kuti a Kapitawo. Mawu anga ndi aakulu. Sindichitira dala. Munthu amene wakalamba akuitanitsa matope ali pamwamba pa nyumba sadziwa kunong'ona. Malemu mkazi wanga ankati ndikamapemphera chamumtima, a neba amayankha kuti ameni.

Mwana wathu wotsiriza ndi Tamanda. Ameneyu anapita ku yunivesite kukaphunzira masamu, ndipo amayi ake atamwalira zaka ziwiri zapitazo, anabwerera pakhomo kudzakhala nane. Ntchito yake inali yachilendo. Sankapita ku ofesi, analibe yunifolomu. Akadzuka ankasesa, n'kundipangira tiyi, kenako n'kudzitsekera kuchipinda ndi laputopu. Masana ndinkamumva akuyankhula Chingerezi ndi anthu akunja, nthawi zina akuseka. Komatu malata atsopano padenga anaika ndi iye, sola anaika ndi iye, chiliza cha amayi ake anamanga ndi iye. Amayi akewo ali moyo, munthu akafunsa za ntchito ya mwanayu ankangoti, "Amachita masamu," n'kumuyang'ana wofunsayo ndi diso lija, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine diso limenelo ndilibe. Ndili ndi pakamwa basi.

Vuto linayambira pa bawo. Timasewera anthu anayi pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi msika, ndipo mmodzi mwa ife ndi a Kamwendo, kalaliki wopuma ntchito, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene amawerenga nyuzipepala mokweza ngakhale simunamupemphe.

"A Kapitawo," anatero tsiku lina akutola nkhomo, "mwana wanu uja amagwira ntchito yanji kwenikweni?"

"Za makompyuta."

"Amagulitsa?"

"Ayi."

"Amakonza? Chifukwatu foni yanga nditamupatsa anati ndipite nayo kumsika."

"Iyeyo ndi wa zazikulu, osati timafoni tanu ta mabatanito."

"Chabwino. Inuyo mukatilozera nyumba timati iyi anamanga a Kapitawo. Telala amatilozera malaya. Nanga iyeyo mungatilozere chiyani?" Anadya nkhomo zanga zisanu mosafulumira. "Ine sindikunena kanthu, akulu. Kungoti masiku ano atsikana ena amatseka chitseko, n'kuyatsa kamera, azungu n'kumatumiza ndalama. Zinalembedwa mu nyuzi."

Ndinaimirira masewero asanathe. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanayenda mozungulira, kudzera kuchigayo, kuti mtima uzizire m'njira. Ndinadzera yachidule.

Kunyumba sindinagogode. Ndinakankha chitseko cha kuchipinda kwake, ndipo ndinamupeza atavala zomvera kukhutu, maso ali pa manambala.

"Iwe, zimitsa chinthucho. Undiuze zoona pamaso pa Mulungu ndi pa chithunzi cha amayi ako icho. Azungu akowo umawaonetsa chiyani kuti azikulipira?"

Anavula zakukhutu zija pang'onopang'ono, n'kuziika patebulo.

"Bambo, mukufunsa ndinu, kapena akufunsa ndi a ku bawo?"

Apa mpata unalipo, khomo lotseguka bwinobwino. Ine ndinadziguguda pachifuwa. "Ndikufunsa ine!"

Sanalire. Amayi ake akanandigenda ndi chipande, ndipo zikanakhala bwino. Iye anangokoka mpando n'kunena kuti, "Khalani pansi." Anapita kukhitchini, anabwera ndi kapu ya tiyi, anandipatsa ndi manja awiri, ndiye n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana.

Anati ndiganizire thabwa la bawo, koma la mizere zikwi ndi maenje zikwi, m'dzenje lililonse muli nambala. Ndiye pali matabwa awiri otere. Mzere uliwonse wogona wa thabwa loyamba uyenera kukumana ndi mzere uliwonse woimirira wa thabwa lachiwiri, manambala n'kuchulukitsana, n'kuphatikizana, mpaka patuluke thabwa lachitatu. Anati olosera za mvula, ojambula milatho, ngakhale foni ikamazindikira nkhope ya mwini wake, pansi pake penipeni pamakhala kuchulukitsa kumeneku, kambirimbiri. Tsono anthu anagwirizana kalekale, iye asanabadwe, kuti aliyense asamaumbe zake. Pali tizidutswa tochepa ta pulogalamu, ta mayina odziwika ndi miyezo yodziwika, timene aliyense amangotenga n'kumangira.

"Ngati njerwa za chikombole chimodzi," ndinatero.

"Ndendende. Ine ntchito yanga ndi kukonza tizidutswato kuti tizigwira msanga pa makina atsopano. Mwaona, bambo, kompyuta ili ndi nkhokwe yaikulu koma ili kutali, ndiye ili ndi kathumba kakang'ono pafupi ndi pogwirira ntchito. Kuchulukitsako sikuchedwa. Chochedwetsa ndi ulendo wa kunkhokwe. Mukukumbukira zimene munkakalipira anyamata anu?"

"Mmisiri wopusa amapita ku uvuni kukatenga njerwa imodzi!"

"Eya. Ndiye ine ndimadula thabwa lalikulu lija m'timagawo, kalikonse kokwana m'kathumba kaja, n'kukagwiritsa ntchito mpaka katheretu ndisanapite kukatenga kena. Ndi wilibala yanu ija. Koma chinsinsi chake ndi muyezo. Ndatha miyezi itatu ndikungofufuza muyezowo. Mukachepetsa, maulendo amachuluka. Mukachulutsa, ngakhale pang'ono, katundu amatayika, mumachedwa kuposa wonyamula pamutu."

(Mawu omalizawa ndinawamva mmene munthu amamvera zolengeza za kutchalitchi. Mutu wanga unali utathamangira kale kwa a Kamwendo.)

Kenako anandionetsa. Anadina batani, nati iyi ndi njira yakale. Galasi linali lakuda bii, palibe chithunzi, palibe nyimbo. Ndinauzira tiyi, ndinamwa, ndinauziranso, ndinafika pakati pa kapu, ndiye nambala n'kutulukira. Anadinanso, nati iyi ndi yake. Kapu ndisanaifikitse pakamwa, nambala yomwe ija inali itatuluka kale.

Mwana wanga! Ndi wilibala yanga!

"Nanga dzina lako analilemba pati?"

"Palibe poti mungalione. Kachidutswako kali ndi dzina lake lakalekale, zilembo zisanu, ndipo silisinthidwa. Nditati ndisinthe, makoma a anthu ena onse agwa. Wogwiritsa ntchito sadziwa n'komwe kuti ndilipo. Amangoona kuti zayenda msanga." Anatseka laputopu. "Bambo, ndakuuzani izi chifukwa ndinu bambo anga. Za ku bawo zisiyeni. Musakandiyankhulire."

Apa panali khomo lachiwiri. Mawu oyenera ndinkawadziwa, anali pakamwa pomwepa. Ndinayang'ana m'kapu n'kunena kuti tiyi wachepa shuga.

Loweruka la sabata yomweyo kunali chitukuko kutchalitchi. Tinkamanga mpanda wakuseri, ndipo lole inali itakhuthula njerwa kugeti chifukwa pakati pali ngalande imene galimoto silingaoloke. Pangalandepo tinayalapo thabwa limodzi. Azimayi a chigwirizano ankasenza njerwa pamutu, achinyamata ankanyamula ziwiriziwiri m'manja akucheza, abusa ankaloza. Bwalo linali lodzaza. Ine ndinafika nditavala buluku langa lakhaki la pa ntchito, ndikukankha wilibala yanga yakale, nditaithira oyilo dzulo lake. Chipewa ndi mankhwala anga a BP ndinaziiwala patebulo chifukwa cha changu.

Ndinakwera pamulu wa njerwa.

"Abale ndi alongo! Pali anthu ena," (apa ndinayang'ana a Kamwendo) "amene sadziwa ntchito ya mwana wanga. Lero ndikuphunzitsani ulere."

Anthu anatula njerwa. Ku Kawale chaulere sachikana.

Ndinatsika n'kuyala njerwa pansi, zinayi zogona zinayi zoimirira, uku thabwa loyamba, uku lachiwiri. Ndinati iyi iyenera kukumana ndi iyi. Kenako iyi ndi iyi. Nditafika pachitatu sindinkadziwanso kuti yogona ndi iti, yoimirira ndi iti, popeza zonse zinali zitagona pansi. Ndinayambiranso. Ndinasokonezanso.

"A Kapitawo," anafunsa Mayi Nachisale, amene ndi wapampando wa chigwirizano, nkhata ikadali pamutu, "iyi ikakumana ndi iyi, ndi chinkhoswe kapena ndi ukwati?"

"Nanga ana ake azikhala kuti?" wina anaponya kumbuyo.

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Abusa anabisa pakamwa ndi mpango ngati akutsokomola. Ndinati masamuwo tiwasiye, si a aliyense, tione za wilibala.

Ndinapakira njerwa makumi awiri ndi zisanu, muyezo wanga wa masiku onse. Ndinakankha, ndinaoloka thabwa lija mwaulemu, ndinakhuthula pakhoma, ndinabwerera mnyamata wonyamula m'manja asanamalize ulendo wachiwiri. Azimayi anaimba nthungululu. Ndinabwerezanso, zinayendanso. Ndikanalekera pomwepo, lero bwenzi ndikukhala ndi matako onse awiri ndiponso mwana wanga ali pakhomo.

Koma a Kamwendo anapinda manja kumbuyo, n'kuyankhula ngati akuwerenga nyuzipepala.

"Zaka zinayi ku yunivesite kukaphunzira wilibala? Bwenzi mutangomutumiza kwa anyamata a kumsika, akulu. Amaphunzitsa ulere."

Anthu anasekanso.

"Wilibala ya mwana wanga si iyi ya ana! Yake imanyamula zikwi! Anyamata, pakirani!"

Anapakira makumi anayi.

"Wonjezerani!"

"Abambo, zakwana," anatero Mayi Nachisale, ndipo sanalinso kuseka.

"Amayi, inu dziwani za nkhata. Wonjezerani!"

Ndinasanja ndekha, mopingasitsa ngati uvuni, mpaka makumi asanu ndi limodzi. Mulu unafika pachifuwa panga, teyala silinkaonekanso. Ndinalavulira m'manja. Nditanyamula zogwirira, msana wanga unanena mawu ena ake, koma sindinamvere, monga sindimvera aliyense. Phazi loyamba. Lachiwiri. Wilibala inayamba kundikoka, ine n'kumaitsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Pofika pathabwa sindinkaliona n'komwe, ndinkangoliganizira.

Thabwa linalira kuti kwee. Teyala linaterereka. Njerwa zinatsogola, wilibala inatsatira, ine n'kutsekera kumbuyo, popeza mmisiri weniweni sasiya zogwirira.

Amene mumaidziwa ngalande imeneyo mukudziwa zimene zimayendamo: madzi otsukira mbale a theka la Kawale, majumbo, zotsalira za kumsika, ndi zina zimene sindingalembe m'kope. Ndinagweramo chambali, chiuno pa njerwa. Buluku linang'ambika kuchokera palamba mpaka pabondo. Nsapato imodzi sinaonekenso mpaka lero. Ena anaseka kaye pang'ono, kenako ataona kuti sindikudzuka, anathamanga. Nditayang'ana kumwamba ndinaona nkhope zokhazokha zitazungulira, ndipo pakati pake panali ya a Kamwendo, itatuwa.

"Pepani, akulu," anatero motsitsa. "Ifetu timangocheza."

Akanandinyoza, mwina ndikanakhala chete. Koma chisoni chawocho chinandiwotcha kuposa chiuno. Ndinakoka mpweya wonse umene unatsala, mpweya woitanitsira matope pansanjika yachitatu.

"Kucheza? Mwana wanga si hule! Mwamva nonsenu? Savulira azungu pa kamera! Ndinamufunsa ndekha, maso ndi maso!"

Kunangoti zii. Ngakhale chigayo cha kutsidya chinakhala ngati chaima.

Mayi Nachisale anawerama, nkhata ili m'manja. "Abambo, ananena zimenezo ndani? Ifetu sitinamvepo."

Ndi pamene ndinazindikira. Nkhani ija inali ya anthu anayi pansi pa mtengo wa mango. Mwa anayiwo, mmodzi samva bwino, wina anali ataiiwala pofika madzulo. Mpingo sunkaidziwa, msika sunkaidziwa. Anaitulutsa ndine, bambo wake, ndi mawu amene amamveka mpaka ku Biwi, ndipo ndinawonjezerapo umboni woti ngakhale ineyo ndinaikhulupirira.

Nkhope zija zinayamba kupatuka mbali ziwiri. Kumbuyo kwake kunali Tamanda, dzanja limodzi chipewa changa, lina kabotolo ka mankhwala a BP. Anali atanditsatira kuti ndingagwe ndi dzuwa.

Anatsikira m'ngalande muja ndi masilipasi ake, anamasula chitenje, anandifunditsa pamene buluku linang'ambika, n'kundiveka chipewa.

"Musayankhulenso, bambo," anatero. "Sungani mpweya."

Kuchipatala ndinakhalako masabata atatu, kunyumba pamphasa miyezi iwiri. Wondisambitsa anali iye, wonditembenuza iye, wotaya mtsuko iye. Ankagwira ntchito yake atakhala pafupi nane, laputopu ili pamiyendo, chitseko chili chotsegula. Sanachitsekenso chitseko chija, ndipo chimenecho chinkandipweteka kuposa akanandilalatira. Za tsiku lija sanazitchule. Koma ndinkamva. Khoma la nyumba yanga ndi lolimba, mazenera ndiye ayi. Akapita kumsika, azimayi ankasiya nkhani pakati. Anyamata a kabaza anamupatsa dzina, sisi wa kamera. Mayi Nachisale anayesetsa kuwakalipira, koma mawu akatuluka sabwerera ku uvuni. Tamanda kutchalitchi anasiya kupita.

Nditayamba kuyenda ndi ndodo, anandiuza kuti wapeza nyumba ku Area 49, ku Gulliver. Anati kumeneko intaneti imagwira bwino. Ndinati eya, ndinamvadi kuti imagwira bwino. Tonse awiri tinayang'ana pansi.

Tsiku losamuka, galimoto linalephera kulowa m'kanjira kathu, ndiye katundu ankayenera kukafika kumsewu. Tamanda anatenga wilibala yanga ija (inapindika mwendo umodzi, koma imayenda), n'kuikamo mabuku ake, ochepa, okwana bwinobwino. Ulendo woyamba. Wachiwiri. Wachitatu. Ine ndili pakhonde, thako limodzi. Ndinkafuna kunena kuti usapite. Ndinkafuna kunena mawu aja. Nditatsegula pakamwa, chimene chinatuluka ndi ichi:

"Wonjezera, uchepetse maulendo!"

Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana chiuno changa, anayang'ana ndodo. Mlomo wake unagwedezeka pakona, ndendende mmene amayi ake ankachitira akafuna kuseka pamaliro. Kenako ananyamula zogwirira n'kumapita.

Tsopano amabwera Lamlungu, kudumphitsa sabata imodzi. Amabweretsa mankhwala ndi shuga, amafunsa za chiuno, timakamba za mvula. Amandilemekeza kwambiri, ulemu wa mlendo. A Kamwendo anabwerapo kawiri ndi nthochi, ndinalandira, koma ku bawo sindinabwererenso. Pa wailesi akati mawa kugwa mvula, mvula n'kugwadi, ndimati chamumtima mwina pansi pake pali wilibala ya mwana wanga, ndipo a neba amayankha kuti zoona, a Kapitawo. Dzina lake silili paliponse. Ndikaganiza, langanso silili pa khoma lililonse. Pali nyumba zina m'tauni muno zimene ndinamanga kuyambira pamaziko, ndipo ndikaima pageti mlonda amandifunsa kuti madala mukufuna ndani. Sizinandipwetekepo. Khoma likaima, laima. Sindikudziwa chifukwa chake ndinkafuna kuti za mwana wanga zikhale zolozeka ndi chala.

Kope ili ndinagula kuti ndilembemo mawu amodzi. Pakamwa akukana. Ndayesa katatu, ndipo katatu konse chimene chimatuluka ndi nkhani ya shuga mu tiyi. Ndiye ndinati papepala mwina zitheka, popeza papepala munthu safuula. Mawuwo ndi aafupi, mwana wa Sitandade 1 angawalembe osapempha labala. Ndinati ndilembe amenewo okha, nding'ambe tsamba, ndimuikire m'jumbo akamapita.

Taonani tsono, ndafika tsamba la khumi ndi chiwiri, ndipo mawu ajawo sindinawalembebe. Ndachulutsanso katundu. Akubwera Lamlungu likubwerali, ndipo thabwa loti ndioloke ndi limodzi lomwe lija.